Khoma la Kutsogolo Si Losinthanitsa ndi Chitini cha Penti

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anali ndi golosale pa kamsika kena m'boma la Ntcheu, m'mphepete mwenimweni mwa msewu wa M1. Inali nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda ziwiri, khonde lake lalikulu ndithu moti telala ankakhala mbali imodzi ndi makina ake, mbali inayo n'kutsalabe malo a benchi la anthu odikira basi. Pakhoma la kutsogolo, pamwamba pa zenera logulitsirapo, panali nkhono. Anaijambula ndi penti wakuda ndi wachikasu, kukula kwake ngati lichero, tinyanga take tiwiri tili njo, ndipo m'munsi mwake munalembedwa kuti "Kuona maso a nkhono n'kudekha". Zilembo zitatu zomalizira zinali zopanikizana chifukwa mmisiri anazindikira mochedwa kuti khoma likumuthera.

Nkhono ija inali ndi mbiri yake. Amuna awo atamwalira, azakhali anayamba ndi beseni la zitumbuwa pamutu, kenako kathebulo ka tomato ndi usipa, kenako okala ya zigwagwa. Zinawatengera zaka 11 kuti afike poumba njerwa, achibale ena akuwauza kuti angokwatiwanso basi, geni ya mkazi wamasiye sipita patali. Tsiku limene anaitana mmisiri wolemba zikwangwani, iye anafunsa kuti, "Mayi, tilembepo dzina lanji?" Iwo anati dzina lawo aliyense pamsikapo akulidziwa kale, chimene akufuna n'chakuti wodutsa aliyense adziwe mmene nyumbayo yamangidwira.

Sipanapite nthawi, malowo anatchuka kuti pa Nkhono. Kondakitala wa minibasi ankafuula kuti, "Otsika pa Nkhono!" Mayi akamatuma mwana mchere ankangoti, "Thamanga pa Nkhono, usapite kwina." Katundu wopatsira madalaivala kuchokera ku Joni ankatsitsidwa pamenepo, ngakhale wa anthu a midzi ya kutali, chifukwa panali posasowa.

Chaka china kunabwera anyamata ndi galimoto yodzaza zitini ndi makwerero. Anati kampani imene yawatuma ipenta nyumba yonse mwaulere, kutsogolo ndi m'mbali momwe, bola ilembepo dzina la katundu wake. Azakhali anavomera, ndipo ntchito inatha m'masiku awiri. Ine nditabwera pa Khirisimasi ndinapitirira malowo maso ali pawindo la minibasi, n'kukatsikira kutsogolo pafupi ndi mlatho. Nyumba zinayi zondondozana zinali zitavala mtundu umodzi, mawu amodzimodzi, zilembo zofanana.

Nditawafunsa sanazungulire. "Mwana wa achimwene, khoma lija linali litasuwa, pulasitala akugwa. Penti wa nyumba yonseyi ndikanamupeza kuti? Munthu akakupatsa chaulere umakana?" Ndinasowa choyankha, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Kampani ija nayonso sinabe kanthu, inapempha ndipo inaloledwa. Koma madzulo ake, tikusenda mbatata kuseri, ananena mawu amene sanandichoke m'mutu: "Ndikamachokera kuchigayo n'kuiona patali, ndimakhala ngati ndikupita kukagula kwa eni ake."

Mawu amenewo ndiwo andilembetsa ndemanga ino. Ndikuti khoma la kutsogolo la malo anu a malonda, kaya ndi golosale, tiyirumu, saluni, butchala kapena chigayo, ndi nkhope yanu, ndipo liyenera kunena za inu. La m'mbali mukhoza kubwereketsa. La kumbuyo chitani nalo zimene mukufuna. Koma paja kasitomala amayamba kuyang'ana asanakupatseni moni, pamenepo pasakhale dzina la munthu wina, kapena chithunzi cha munthu amene simunamuonepo chibadwire.

Kwerani basi ku Lilongwe yopita ku Blantyre, mukhale cha kuwindo. Nathenje, Chimbiya, Lizulu, Kampepuza, Zalewa, Lunzu, msika ulionse uli ndi khalidwe lakelake, ndipo woyenda msewuwu kawirikawiri amaudziwa ndi fungo lomwe. Pa Lizulu ndi milu ya kabichi, karoti ndi mbatata ya kachewere, amayi akuthamangira basi ndi mabeseni. Koma mukakweza maso kuchoka pa malonda a pansiwo n'kuyang'ana nyumba, mupeza kuti zambiri zikuyankhula mawu a makampani ochepa omwewo, a mafoni, a sopo, a zakumwa, a mbewu, a mafuta ophikira, a simenti. Dzina la mwini sitolo likapezeka, lili pakona m'tizilembo ting'onoting'ono, ngati la mlendo amene wangopemphako malo ogona. Munthu amene anagulitsa mbuzi zake kuti agule malata a nyumba imeneyo sakuoneka paliponse.

Ena amati penti ndi penti basi, bola katundu ali m'mashelefu. Ine ndimawakumbutsa za mbendera. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera ya dziko lino, linachotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu pakati. Nsalu inali yomweyo, dziko lomwelo, ndipo palibe amene nsima inamuchepera chifukwa cha kusinthako. Komabe anthu ambiri mitima sinakhale pansi, mpaka mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma, nyumba ya malamulo inabwezeretsa yakale ija. Tinaonetsa tokha kuti mtundu ndi chithunzi timazimva mumtima. Ndiye zitheka bwanji kuti za mbendera zitikhudze chotero, koma za khoma limene timalowa ndi kutuluka tsiku lililonse tizione ngati zopanda pake?

Kwathu kuno chikwangwani chimagwira ntchito yoposa kutsatsa malonda. M'makwalala ambiri a ku Ndirande, ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Chibavi, munthu salondolera mnzake ndi nambala ya nyumba. Timati, "Mukatsikire pa chigayo, mukhotere kumanja pa mtengo wa mango, mukafunse pa golosale yakutiyakuti." Malo amene ali ndi nkhope yawoyawo amasanduka chizindikiro cha dera lonse, ndipo aliyense wolondolera mlendo amawatsatsa osalipidwa n'khobidi lomwe. Umu ndi mmene maina amabadwira kwathu. Dera la Mandala ku Blantyre linatenga dzina kwa John Moir wa kampani ya African Lakes, amene anthu anam'tcha Mandala chifukwa cha magalasi amene ankavala m'maso. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndipo idakalipo, dzinanso lidakalipo. Pa Wenela timakwererapo mabasi mpaka lero, chonsecho bungwe la dzina limeneli, limene linkatenga anthu kupita ku migodi ya ku South Africa, linasiya ntchitoyo kalekale. Anthu athu amagwira chinthu chimodzi chooneka, chosiyana ndi zina, n'kuchisunga mibadwo. Mukafufuta chinthu chotero pakhoma lanu, mwadzichotsa nokha pakamwa pa anthu.

Pali china chimene ife ophunzira timachiiwala. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kwa agogo amene atsika basi pamsika wachilendo, mutu wa mbuzi wojambulidwa pakhoma ndiwo ukuwauza kuti pano ndi pa butchala. Chisononkho cha chimanga ndi chigayo, lumo ndi chipeso ndi pometera, kapu yofuka nthunzi ndi tiyirumu. Amisiri akale ankadziwa zimenezi popanda wowaphunzitsa. Nyumba yopentedwa dzina la sopo kuyambira pansi mpaka kudenga siwauza agogowo ngati mkatimo muli mankhwala, misomali kapena mowa.

Ndiponso dzina limene mwavala si lokhalitsa, chifukwa mwini wake akhoza kulisintha osakufunsani. Amene tinalipo tikukumbukira za kampani ya mafoni ya Celtel, imene inayamba kuno mu 1999. Mu 2008 inasanduka Zain, mu 2010 inasanduka Airtel. Pasanathe zaka zitatu maina anali atatu, mitundu ikusinthanso, ndipo makoma a m'misika ankavula ndi kuvala motsatira zimene zagwirizanidwa m'maofesi a kunja kwa dziko lino. Palibe cholakwa pamenepo, malonda aakulu amayenda choncho. Koma kwa mwini golosale phunziro lake n'loonekeratu: dzina la eni limayenda ndi eni akewo. Nkhono ya azakhali inakhala zaka zambiri osafuna chilolezo cha munthu.

Tsono tikambe za ndalama, chifukwa apa ndi pamene amene akutsutsana nane ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Chilichonse chodalira zipangizo zakunja chinakwera, penti nayenso. Mayi amene mpamba wake wonse ndi makatoni awiri a sopo, thumba la shuga ndi chigubu cha mafuta ophikira sangachotse ndalama pamenepo kuti akongoletse khoma. Penti amatetezanso pulasitala ku mvula, ndiye amene wapatsidwa waulere wapulumutsa nyumba yake zaka zingapo. Palinso malo amene mtundu wa kampani ndiwo malondawo: kakiyosiki ka ejenti wotumiza ndi kulandira ndalama pa foni kayenera kuoneka patali kuti ndi ka netiweki iti, ndipo sindinganene kuti ajambulepo nkhono. Zonsezi ndikuzivomereza.

Chimene sindivomereza ndi kuganiza kuti mwini nyumba ndiye wopemphetsa pa nkhaniyi. Khoma loyang'ana msewu wa M1 limaonedwa ndi anthu a m'mabasi ndi m'malole usana wonse, chaka chonse. Kampani ikafuna kuimika chikwangwani chachitsulo m'mbali mwa msewu womwewo imalipira ndalama zambiri. Ikabwera kwa inu ndi zitini, yabwera chifukwa muli ndi chinthu chimene ikuchifuna. Ndiye kambiranani ngati anthu awiri a malonda. Auzeni kuti makoma a m'mbali atenge, ndiwonso amaoneka bwino kwa woyenda pa galimoto, koma kutsogolo apake mtundu umene mwasankha inu, kapena asiye poyera kuti mmisiri wanu adzalembepo. Afunseni kuti adzabweranso liti penti akadzasuwa. Akakana, mwina mnzanu wa nyumba yotsatira avomera ndipo inu mutsala ndi khoma losuwa, n'zoona. Koma njereza ndi yotsika mtengo kuposa penti wa mafuta, ndipo kachitini kamodzi ka penti wakuda kamakwana kulemba dzina ndi kujambula chinthu chimodzi. Nkhope siifuna malita makumi awiri.

Vuto lachiwiri ndi latsopano, ndipo limandiwawa kwambiri chifukwa apa palibe chaulere, timalipira tokha. Ndikunena zikwangwani za pulasitiki zosindikiza pa makina, zimene zadzaza m'matauni. Kapangidwe kake ndinakaonera pafupi mchemwali wanga wina akutsegula malo odyera. Tinapita kwa mnyamata wa kompyuta m'kachipinda kena m'tauni. Anafunsa zinthu ziwiri zokha, dzina la malowo ndi nambala ya foni. Kenako anatsegula chikwangwani chimene anapangira munthu wina sabata yapitayo, n'kufufuta dzina lija, n'kulembapo latsopano. Zithunzi anakoka pa intaneti: chibanzi chodula pakati chokhala ndi nyama ndi tchizi, nkhuku yonyezimira ya m'mafuta, tambula ya juwisi yokhala ndi kaambulera pamwamba. Mphindi makumi awiri sizinakwane. Mchemwali wanga amaphika nsima ya ufa woyera ndi ya mgaiwa, nkhuku yachikuda, nyemba, chambo akachipeza, ndi nkhwani wotendera amene anthu amabwerera kuchokera kutali. Pa chikwangwanicho panalibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Ndinamufunsa chifukwa chake wavomera, iye anati, "Achimwene, ndi mmene zimakhalira zikwangwani za masiku ano."

Yendani mumzere wa masaluni pa msika ulionse wa m'tauni muone. Pakhomo lililonse pali nkhope za oimba ndi akatswiri a mafilimu a ku America kapena ku Nigeria, tsitsi lawo lokonzedwa ndi anthu amene sanapondepo dziko lino. Mkatimo muli mtsikana amene zala zake zimaluka mizere yowongoka ngati yoyezera ndi chingwe, luso limene analiphunzira pakhonde kwa amayi ake. Luso lakelo silikuoneka panja. Wapachika ntchito ya eni n'kubisa yake. Kasitomala wanzeru amadziwa kuti chithunzicho n'chongokoka, ndiye sichimuuza kalikonse, amakafunsabe kwa anzake kuti woluka bwino ndi uti.

Makinawo ndilibe nawo chifukwa. Amasindikiza chimene apatsidwa, ndipo anyamata a kompyuta ambiri ali ndi luso ndithu akapeza kasitomala wodziwa chimene akufuna. Vuto ndi lakuti timapita kwa iwo chimanjamanja. Foni imene ili m'thumba mwanu ikhoza kujambula mbale ya nsima yanu, ndiwo zili pambali, pa tebulo lanu, kuwala kwa m'mawa kukulowa pakhomo. Ikhoza kujambula mutu umene mwauluka nokha, mwini mutuyo atavomera. Kalipentala ajambule mpando umene wakhoma, telala ajambule diresi limene wasoka. Mukapita ndi zimenezo, mnyamata uja alibe chifukwa chokokera chibanzi cha eni. Ndipo ngati chithunzi chanucho sichinyezimira ngati cha pa intaneti, musade nkhawa. Munthu wa njala ya masana akufuna kuona nsima imene aidyedi.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti khalidwe lolemba umunthu wathu pakhoma sitikuchita kuphunzira kwa alendo. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa nyengo ya kuzira nyumba, zokolola zitalowa m'nkhokwe kapena Khirisimasi ikayandikira. Amayi ankapita kudambo ndi kumtsinje kukakumba mtsiro, wina wakuda, wina wotuwa, wina wofiira, ndipo ankadziwa dzenje lililonse kumene kuli mtundu wake. Pansi ankatsutsuta ndi mwala mpaka kuwala. M'munsi mwa khoma ankazungulizamo lamba wakuda, ena n'kuika maluwa, ena timizere tokhotakhota, ena madontho a zala. Panalibe wowalipira, ndipo mvula ikabwera zambiri zinkachoka, chaka chamawa n'kuyambiranso. Mwana ankatha kudziwa nyumba ya mayi uje poona dzanja lake pakhoma. Ku mapiri a Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, makoma a nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare akufotokoza mbiri ya dziko lino m'zithunzi, mlendo asanalowe n'komwe mkati.

Abale athu amene ali ku South Africa akudziwa za amayi a Chindebele ndi nyumba zawo za mizere yowala. Mmodzi wa iwo, Esther Mahlangu, anaphunzira kupenta khoma kwa amayi ake ndi agogo ake, pogwiritsa ntchito nthenga za nkhuku. Mu 1991 kampani ya BMW inamupempha kuti apente galimoto yake ndi mizere yomweyo. Onani mmene zinayendera pamenepo: kampani yaikulu ndiyo inapita kukapempha dzanja la mayi wa kumudzi. Zinatheka chifukwa iye ndi amayi anzake sanasiye kujambula makoma awo mwa njira yawo.

Komatu kuonetsa umunthu wanu pakhoma sikutanthauza kudzazapo chilichonse chimene mumakonda. Ndaonapo zikwangwani zimene mwini wake anafuna kunena zonse nthawi imodzi: dzina lake, la mkazi wake, vesi la m'Baibulo, timu ya mpira, mndandanda wa katundu kuyambira singano mpaka feteleza, nambala za foni zitatu, mitundu isanu ndi iwiri. Maso amatopa asanapeze poyambira. Azakhali anali ndi zambiri zoti anene, koma anasankha nkhono imodzi ndi mwambi umodzi, ndipo n'chifukwa chake anthu anazigwira. Funso loyenera kudzifunsa mmisiri asanakwere makwerero ndi lakuti: mwa zonse zimene ndadutsamo kuti ndifike pano, n'chiti chimodzi chimene ndikufuna kuti mwana wotumidwa mchere azichitchula? Kwa wina ndi mudzi wa kwawo. Kwa wina ndi njinga imene anayambira geni. Kwa wina ndi dzina la agogo amene anamulera. Yankho lake silipezeka mu kompyuta ya munthu wina.

Chinenero nachonso ndi mbali ya nkhope. Timakonda kuseka zikwangwani za Chingerezi cholakwika, ena mpaka amazijambula n'kumatumizirana pa WhatsApp, ndipo amene amakonda zosindikiza pa makina amati umenewu ndiwo umboni wakuti amisiri a pamanja ndi achikale. Ine ndimaona kuti zolakwikazo zimabwera chifukwa mwini sitolo ndi mmisiri onse awiri akukakamira chinenero chimene sachigwiritsa ntchito pogulitsa. Kasitomala mumamulonjera m'Chichewa, mumanenerera naye mtengo m'Chichewa, mumamukaniza ngongole m'Chichewa. Bwanji khoma lokha liziyankhula Chingerezi? Ku Mzimba lembani m'Chitumbuka, ku Mangochi m'Chiyao. Mawu ngati "Tiyesenawo", "Zonse ndi Nthawi" kapena "Pang'onopang'ono" amafika pamtima mwa njira imene mawu obwereka sangafike. Ngakhale kachikwangwani kaja ka pa kauntala kakuti "Ngongole mawa, lero ayi" kamakana munthu akumwetulira. Ndipo ngati mwasankhadi Chingerezi, poti mwina makasitomala anu ndi alendo a kunyanja, lembani mawuwo papepala, muonetse aphunzitsi a pasukulu yapafupi penti asanatsegulidwe. Safunsa anadya phula.

Pali mtundu umodzi wa mawu umene sindigwirizana nawo ngakhale utachokeradi mumtima mwa mwini wake. Ndi aja olasa anansi, onena za adani, ansanje ndi afiti. Ndikudziwa kuti munthu amene watukuka pamudzi amakumana ndi zambiri, ndipo mtima umafuna kubwezera. Koma khoma limakhala zaka, pamene mkangano umatha. Amene munkamulasayo mudzakumana naye pamaliro, mwana wake adzafuna kugula kope kwa inu. Munthu aliyense ali ndi mbali zingapo, ndipo pakhomo timaikapo imene tikufuna kulandirira nayo alendo.

Nanga ochita lendi? Ambiri a malonda m'matauni nyumba si zawo, ndipo nyumba ya mwini saotcheramo mbewa. Landilodi akagwirizana ndi kampani, wa lendi amangodzuka n'kupeza khoma lasintha. Kwa amenewa ndikuti tengani chitsanzo kwa anyamata a kabaza. Alibe khoma ngakhale limodzi, koma taonani njinga zawo ku Dedza, ku Salima kapena ku Balaka: khushoni yosokedwa ndi nsalu yowala, mphonje zikulendewera, magalasi awiri, kachikwangwani kumbuyo kolembedwa mawu amene mwini wake amakhulupirira. Pa siteji ya njinga makumi atatu, kasitomala amaloza kuti, "Ndikwera iyo." Thabwa limodzi lopalidwa bwino, lolembedwa ndi dzanja, lopachika pakhomo m'mawa n'kulowetsa madzulo, limasamuka nanu kulikonse kumene mungapite, ndipo makasitomala anu amalizindikira pamalo patsopano.

Ena anganene kuti makhonsolo angoletsa kupenta nyumba ndi maina a makampani. Zoterezi zinachitikapo kwina: mzinda wa São Paulo ku Brazil unakhazikitsa lamulo mu 2006 lochotsa zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa malonda ndi kuchepetsa kukula kwa za m'masitolo. Ine sindikupempha lamulo lotero kuno. Likhoza kungolanda amayi ngati azakhali mwayi wa penti umene akuufunadi, ndi kupatsa ena mpata wovutitsa anthu a geni. Chimene ndikupempha chili m'manja mwa eni masitolo, ndiponso mwa ife ogula. Amisiri olemba zikwangwani adakalipo m'misika yathu, ena akungolemba manambala pa ngolo ndi maina pa mitanda ya kumanda chifukwa ntchito ya m'masitolo inawathawa. Ndalama imene mungalipire mmodzi wa iwo imatsala pamsika pomwepo, imagula tomato wa mnzanu, mwinanso imabwerera pa kauntala yanu.

Penti wa anyamata aja anakhala bwino mvula zitatu. Yachinayi anayamba kusupuka, ndipo galimoto ya zitini sinabwerenso. Pamwamba pa zenera, pamene dzuwa la masana limamenya kwambiri, panatulukira kanyanga kamodzi kakuda, kenako mbali ya chigoba. Ana a sukulu obadwa nkhono itafufutidwa kale ankaima n'kumafunsana kuti n'chiyani chimenecho. Azakhali tsopano akalamba, pa kauntala pamakhala mwana wawo wamkazi, msuweni wanga. Chaka chatha tinasonkherana, iye njereza, ine tizitini tiwiri, wakuda ndi wachikasu. Mmisiri wakale uja maso anamufooka, ndiye anabwera ndi mdzukulu wake, iye n'kukhala pa benchi kumalangiza. Makoma a m'mbali tinawasiya mmene analili. Mnyamatayo anayamba wayeza khoma ndi chingwe kuti zilembo zisadzapanikizane, koma azakhali anatuluka ndi ndodo yawo n'kumuuza kuti, "Iwe, zitatu zomalizirazo uzipanikize ngati mmene anachitira agogo akowa." Anatero, ndipo anamaliza dzuwa likulowa, telala atapinda kale nsalu zake.